Ababa Anakwera Phiri Lanu

Amayi anga, mwadzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Chilomoni tadzuka ndithu, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino. Chiperoni chikatsika m'mawa phiri la Michiru silioneka n'komwe, ndipo ine ndimakuonani m'maganizo mutavala juzi yanu yofiira ija mkati mwa chitenje, mukudandaula kuti ife a ku Nsanje Mulungu sanatilengere Blantyre. Juziyo ndimavala ndine tsopano. Inabooka pachigongono koma ndinaisoka.

Ndine Esinta, Amayi. Pali nkhani ya Ababa imene yandikhalitsa pansi kuti ndikulembereni, koma ndikayamba ndi imeneyo munena kuti ndalowa m'nyumba osaodira. Ndiye ndiyambe ndi za pakhomo.

Alamu anga, akazi a achimwene anga a Dominiki, anachira bwinobwino ku Bangwe. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Ali ndi kachipumi kanu kaja, akakwiya amakweza nsidze imodzi monga munkachitira inu wina akabwera ndi ndiwo zodula zosayenera mtengo wake. Dzinalo limatilemera tonse pakamwa, ndiye timangomutchula kuti Amayi. Mukanamva achimwene, bambo wa ndevu zake, akunena kuti, "Tawasinthani thewera Amayi," mukanaseka mpaka kutsokomola.

Kumunda kwanu ku Chileka tinakolola, osati ngati nthawi yanu, koma njala sitigona nayo. Feteleza tinathira kamodzi kokha, ndipo kupalira kwachiwiri tinachedwa chifukwa ine ndinali ndi mayunifomu a ana asukulu ofunika kusoka. Nandolo wayamba maluwa. Mtengo wanu wa mapeyala wabereka mochititsa mantha, moti ana a m'dera lonse asanduka adani a malata athu, miyala imangogwa padenga masana onse. Ndimatuluka ndi tsache n'kuwakalipira, kenako ndimawathyolera ndekha, poti inunso munkatero. Madzi pa kiyosiki akuvutabe monga kale. Amayi a mphakati amabwera ndithu kudzapemphera, ndipo nyimbo yanu ija akaiyamba pamwamba kwambiri palibenso wowatsitsa.

Tsopano za Ababa.

Patapita miyezi pang'ono chikuikireni m'manda, tsiku lina m'mawa kapu ya tiyi inawapulumuka m'manja. Nditawayang'ana ndinaona kukamwa kwapotoka. Tinathamanga nawo kuchipatala, ndipo anati ndi sitiroko. Musadandaule, Amayi, Mulungu anatichitira chifundo. Dzanja linabwerera, ndipo pakamwa ndiye panachira msanga kuposa pena paliponse, monga mukuwadziwira amuna anu. Chimene chinatsalira ndi mwendo wamanzere, umene amachita kuukoka. Mayi wa mafizo kuchipatala anatiuza mosabisa kuti mwendowo mankhwala ake ndi kuyenda tsiku ndi tsiku, ndipo akaukhalira pansi uuma, mapeto ake adzakhala munthu wa pamphasa. Anawapatsa ndodo yachitsulo kuti aziyendera.

Ndodoyo titangofika nayo kunyumba anaiponya pamwamba pa kabati. "Ine ndodo? Ndine nkhalamba ine?" Tsiku limodzi lokha anayesa kupita kubawo kwa anzawo, atagwira makoma ndi mipanda. Atafika, anzawo onse anaimirira kuwapatsa mpando, wina n'kunena kuti, "Pepani madala, mwatha chonchi?" Kuchokera tsiku limenelo sanatulukenso pageti. Ankangokhala pampando wanu wa pawindo, wailesi pamwendo, ndipo mwendo uja unayamba kuonda ine ndikuona.

Kenako anayamba nyimbo ya ku Nsanje. Akuti tiwakweze basi akafere kwawo, asativutitse. Amayi, ku Nsanje kuli ndani? Azakhali aja maso anasiya kuona, ndipo nyumba ya Ababa inapita ndi madzi kalekale. Koma munthu analongedza chikwama chake cha pa ulendo chija, n'kuchiika pafupi ndi chitseko, n'kulengeza kuti ubatizo wa mdzukulu ukangochitika iwo anyamuka. Ine ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo, ulendo wathu wotsatira wa ku Nsanje udzakhala wa maliro.

Mtima wanga mukuudziwa, ndinatengera inu. Ndinawachonderera, ndinalira, tsiku lina ndinawalankhula mawu oti mwana salankhula kwa bambo ake. Iwo ankangokweza wailesi. Achimwene anabwera ndi mawu awo ofatsa aja, anabwerera ku Bangwe atangomwa tiyi. Ndinatopa, Amayi, ndipo ndinakukwiyirani pang'ono chifukwa chondisiyira munthu amene ankamvera inu nokha.

Amene anatithandiza ndi amake Joni, anzanu aja munkapita nawo kunkhuni. Akalamba, mano akutsogolo anatha, koma miyendo ikadali ya mtsikana ndipo lilime silinafooke. Anabwera kudzazonda matenda tsiku lina masana, dzuwa litawala, phiri likuoneka lonse pawindo. Anakhala pamkeka, n'kuyamba kukumbutsa za masiku amene inu ndi iwo munkalawirira kuphiri ndi nkhata ndi zingwe, n'kubwerako dzuwa litapendeka, makosi atalowa m'mapewa. Ine ndikukumbuka bwino masiku amenewo. Ababa ankakhala masabata ali pamsewu ndi lole, ndipo chimene chinkatidyetsa ndi kutipititsa kusukulu ndi timilu ta nkhuni timene munkandandalika m'mbali mwa msewu. Ndikukumbukanso kuti Ababa akakhala kuti alipo, inu mukangotula mtolo ankakufunsani kuti, "Phiri ndi ili likuoneka apali, mumachedwa kuti?" Inu simunkakangana nawo. Munkangopukuta thukuta ndi nkhata n'kunena kuti, "Mudzakwere mudzaone."

Ndiye amake Joni ali pakati pofotokoza, Ababa anayang'ana pawindo n'kung'ung'udza kuti, "Komabe ankachedwa. Phiri lili pakhomo pompano."

Amake Joni anawomba m'manja kamodzi. "Alamu, mpaka lero mukufunsabe? Mnzanga anakuyankhani kalekale. Kapena mukufuna mupite nalo ku Nsanje funso lanulo?"

"Ine ndaoloka Zambezi ndi lole yodzaza," anatero Ababa. "Ndafika ku Beira, ndafika ku Harare. Kaphiri aka kangandiopse?"

"Pa lole munkakhala pansi, alamu. Loweruka ndibwera, ndidzakupezeni pakhomo pano."

Anawakola ndi pakamwa pawo pomwe. Ine ndinathawira kukhitchini kuti asaone nkhope yanga.

Mwina simukudziwa, Amayi, masiku ano anthu amakwera phiri lija popanda chifukwa. Amalowera pageti, amatsata tinjira tolambulidwa bwino, atanyamula timabotolo ta madzi, n'kukajambulitsa pamwamba. Kukwera chimanjamanja, kutsikanso chimanjamanja. Inu amene munkati munthu satsika phiri chimanjamanja, ngakhale kakhuni kamodzi atole, mukanawayang'ana ndi nsidze ija.

Loweruka achimwene anabwereka galimoto ya mnzawo, n'kubwera ndi alamu, mwana ali kumbuyo. Ine ndinaphika mbatata, ndinathira tiyi mufulasiki, n'kuthyola mapeyala anu. Ababa anatuluka kuchipinda atavala jekete la ku tchalitchi, chipewa, ndi nsapato zopolisha. Ndinawauza kuti kumene tikupita ndi kutchire, osati ku Misa. Anandiyankha kuti sanandifunse. Ndodo yachitsulo ija ndinaibisa pansi pa mpando wa galimoto, koma titafika pageti la nkhalango anaiona ndikuisolola.

"Chimenecho chikatsika, ine sinditsika."

Ndinachibweza.

Pageti panali mlonda, mnyamata waulemu wake, amene anatiuza malamulo: osadula mtengo, osayatsa moto, osatuluka ndi nkhuni. Amake Joni anamupatsa moni mogwada ndithu, titangodutsa n'kundikodola. "Zaka zonse zija ine ndi amako tinkalowera kukhwawa, tikamva mluzu wa anthu awa n'kuthawa mitolo ili pamutu. Lero ndalowera pageti, andiuzanso kuti muyende bwino." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Amayi, ine ndinabadwira m'munsi mwa phiri limeneli, koma sindinkadziwa kuti mkati mwake muli chonchi. Tinangoyenda pang'ono, phokoso la maminibasi ndi zigayo linatha. Kunatsala mbalame, masamba ouma pansi pa mapazi, ndi kamtsinje kamene tinkakamva koma osakaona. Mpweya wake unali wozizira, wonunkhira dothi lonyowa. Mbali zina mitengo inatha ndi anthu a makala, zitsa zokhazokha, koma kumene kanjira kathu kankadutsa mitengo ikadalipo, misuku ndi mombo, mthunzi wake wokhawokha. Apusi anatidutsa pamwamba, mmodzi ali ndi mwana pamimba, ndipo alamu anati nayenso wabwera ndi Amayi ake.

Ababa ankayenda patsogolo, poti sakanalola kutsogoleredwa ndi amake Joni. Mwendo ankaukoka, nsapato yopolisha ija ikulemba mzere m'dothi. Achimwene akawayandikira kuti awagwire mkono ankawakankha ndi chigongono. Ine ndinali pambuyo pawo penipeni, manja ali tcheru ngati ndikutsata mwana wophunzira kuyenda. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa jekete, kupuma kwawo kukumveka.

Pamene kanjira kanayamba kukwera, phazi lodwala lija linakola muzu. Anagwa, Amayi. Sanavulale, anagwera bondo ndi dzanja, koma chipewa chinagubuduka ndipo buluku linadzaza dothi. Tinathamangira kuti tiwadzutse, iwo anatiletsa ndi dzanja. Anayesa kudzuka okha, mwendo unakana. Anayesanso, unakananso. Kenako anangokhala pansi pomwepo, maso ali pansapato, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Dominiki, kandisiye kunyumba. Mwaona nokha."

Ine mumtima ndinati basi, Nsanje yawina, ndipo ndife tawabweretsa kuno kudzawachititsa manyazi pamaso pa mpongozi wawo.

Amake Joni okha ndi amene sanaoneke kuti amva chisoni. Chilowereni m'nkhalangomo maso awo anali m'mbali mwa njira, poti dzanja lozolowera kutola silimva malamulo. Analowa patchire, tinamva kuthyoka, n'kutuluka ndi nthambi youma yogwa yokha, yowongoka, yotalika kufika pachifuwa. Anaigogoda pamwala kuti amve kulira kwake.

"Muwanga uwu," anatero. "Mnzanga akanaona nkhuni iyi tikanalimbirana. Moto wake sutha msanga, makala ake ankasitira malaya anu omwe, alamu. Tandinyamulirani, ine msana. Paja phiri satsika chimanjamanja."

Ababa anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anailandira, n'kuizika pansi, n'kuigwira ndi manja awiri, ndipo pang'onopang'ono anadzuka okha. Achimwene, mwana wanu wosadziwa kusunga mawu uja, anatsegula pakamwa kuti, "Eya, ndodo yake ndi imeneyo," koma ndinawaponda phazi asanamalize. Ababa anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Iyi ndi nkhuni," anatero.

"Inde Ababa, nkhuni," ndinayankha.

"Ndawanyamulira mayiwa."

"Mwachita bwino, Ababa."

Ndinawapatsa chipewa, ndipo tinapitirira. Nkhuni ija inkagunda pansi patsogolo, mwendo n'kutsatira. Sanagwenso.

Sitinayende mtunda wautali. Munthu wabwinobwino akanafika tisanamalize kolona imodzi, koma ife tinapuma kangapo. Tinafika pamene kanjira kakale ka amayi a nkhuni kamadutsana ndi kanjira katsopanoka, ndipo pamenepo pali mwala uja. Mukuudziwa, Amayi, ndikufotokozera inu za mwala wanu womwe. Waukulu, wathyathyathya pamwamba, wofika m'mapewa mwa munthu, uli pansi pa msuku. Amake Joni anaupapasa ngati akupatsa moni mnzawo.

Anatifotokozera kuti mtolo wa nkhuni ukautula pansi uli wekha, sungausenzenso, umafunika anthu awiri okutukula. Ndiye popuma simunkatula pansi. Munkafika pamwalawu, n'kupinda mawondo pang'ono, mtolo n'kutsamira pamwamba pake, inu n'kusolola mutu. Mukapuma munkakonza nkhata, n'kulowanso pansi pa mtolo, n'kudzuka nawo. Anationetsa mmene munkachitira, nkhalamba yopanda mano ija ikupinda mawondo pansi pa mtolo woti palibe. M'mphepete mwa mwalawo ndi mosalala chifukwa cha kukhuzika kwa nkhuni, ndinapitsapo dzanja langa.

Ababa anali atakhala pamuzu, akupuma mwa befu, koma nkhope ili ndi kamatama kaja. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, "Ndiye nkhunizo munkatola pano? Si pafupi pompano apa?"

"Pano?" anatero amake Joni. "Alamu, pano ndi popumira pomaliza pobwerera. Tikafika pano tinkati tafika kunyumba. Nkhuni za kufupi zinali zitatha kale anawa asanabadwe." Analoza ndi dzanja kumtunda, kumene mitengo imathera n'kuyamba miyala. "Mukuona pamwamba apo? Timakwera pamenepo, timatsikira kuseri, timaoloka khwawa, n'kukweranso. Kumeneko ndiye kunali zouma. Ife sitinkadula yaiwisi."

Ababa anayang'ana kumene ankalozako. Kenako anacheuka kuyang'ana kumunsi, kumene malata a Chilomoni ankanyezimira patali pakati pa mitengo.

"Kuchoka pano kukafika kunyumba, wapansinso?"

"Galimoto yobwereka ya Dominiki inali isanabadwe," anayankha amake Joni.

Amake Joni anandiloza ine. "Uyu Esinta wayamwira pamwala pano. Mtolo pamutu, iye kumbuyo. Tsiku lina mvula inatipeza kuseri kuja, mnzanga anavula chitenje n'kumufunditsa mwana, iye n'kutsika ndi diresi lokha, akunjenjemera. Atafika kunyumba anapeza alamu abwera ku ulendo, akufunsa madzi osamba."

Sananene mokalipa, Amayi, anangonena monga mmene zinalili. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkadziwa nkhuni zili kale m'mbali mwa msewu, zomangidwa timilu, ndipo ndinkadziwa kuti madzulo munkandituma kuti ndikutsireni madzi otentha pakhosi. Ndinaima pamenepo, mayi wamkulu ndi ana anga, ndikuyang'ana phiri limene munandikweza ndili kumbuyo kwanu, ndipo ndinalira osabisa.

Ababa anazika nkhuni yawo pansi n'kudzuka. Anapita pamwala paja, anavula chipewa, n'kuika chikhatho pamalo osalala paja. Kenako analankhula, osati kwa ife.

"Amake Dominiki, ndakwera. Ndaona pang'ono pokha, koma ndaona. Munkafulumira."

Alamu anga anatembenuka kuyang'ana kumbali. Achimwene anayamba kufunafuna chinachake m'thumba chimene munalibe. Amake Joni anati, "Wamva mnzangayo, anali ndi makutu akuthwa. Tiyeni tidye, mbatata ikuzizira."

Tinadyera pamwala panu. Mapeyala anu tinawadula ndi kampeni ka achimwene, n'kuwaza mchere. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo alamu anakhala pamthunzi wa mwalawo n'kumuyamwitsa. Ababa anamuyang'ana n'kunena moseka kuti, "Mkazi wanga wamng'onoyu wafika pano osatuluka thukuta." Kanali koyamba kuwamva akuseka chichokereni inu.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera, koma nkhuni ija inagwira ntchito. Tikuyandikira geti ndinakumbuka malamulo aja. Mlonda uja anatuluka m'kanyumba kake, anatiyang'ana, n'kuyang'ana chimene chinali m'manja mwa Ababa.

"Pepani madala, paja ndinanena. Nkhuni sizituluka muno."

Tonse tinaima. Ine ndinkadziwa kuti akanena kuti ndi nkhuni, itsala pageti pomwepo, ndipo yachitsulo ija sadzaikhudza mpaka kalekale. Ndinafuna kuwalankhulira, koma amake Joni anandigwira chitenje. Ababa anayang'ana nthambiyo kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kenako anawongola msana.

"Mwana wanga, ukuuona mwendo uwu? Ndinadwala sitiroko. Iyi ndi ndodo yanga. Popanda imeneyi sindingafike pa galimoto apo."

Amayi, mawu akuti sitiroko anali asanatulukepo pakamwa pawo. Kwa aliyense ankati ndi kutopa chabe.

Mnyamatayo anamwetulira. "Koma polowa munalibe ndodo, madala."

"Polowa ndinkadziyesa mnyamata."

Mlondayo anaseka, n'kutsegula geti lonse ngati pakudutsa lole. "Ndodo ndiye ituluke. Mudzabwere nayonso."

Mawa lake titabwera ku Misa ndinawapeza pakhonde akupala ndodoyo ndi galasi losweka. Anadula kachidutswa ka tayala lakale n'kukhomera kunsi kwake kuti isamaterere, akuti galimoto yopanda matayala abwino siyenda pamsewu. Pamwamba anakulungapo chingwe chanu chija munkamangira mitolo, chimene chinali chikadali pamsomali kukhitchini. Ine sindinawauze kumene chinali, anachipeza okha.

Lolemba anatuluka pageti. Anafika pa kiyosiki n'kubwerera. Tsiku lotsatira anafika pachigayo. Sabata isanathe anapita kubawo, ndipo ndinamva kuti yemwe uja anawauza kuti atha anadyedwa nkhomo zonse kawiri. Wina akawafunsa za ndodoyo amayamba kufotokoza za muwanga, za mwala, za kuseri kwa phiri, ngati anakafikako okha. Anthu a m'dera lino atopa nayo nkhani ya mtolo wanu, koma iwo sanatope.

Ubatizo unachitika ku Bangwe, ndipo Ababa analowa m'tchalitchi ndi ndodo yawo, osagwiridwa ndi munthu. Titadya, achimwene anawafunsa mwaulemu ngati za basi ya ku Nsanje zikadalipo. Ababa anawayang'ana ngati afunsa zopusa.

"Nsanje ikuthawa? Ine ndili ndi ulendo wa kuseri kwa phiri. Amako anati ndidzaone, ndiye ndaona theka."

Chikwama chija ndinachimasula ndekha tsiku lomwelo, ndipo sanandiletse.

Sindikunamizani, Amayi, mwendo sunachire. Amaukokabe, ndipo kukazizira chonchi umawawa mpaka amatukwana. Mayi wa mafizo akuti ukulimba, apitirize, koma nditamuuza za kuseri kwa phiri anangopukusa mutu n'kuseka. Mwina sadzafikako. Tabwererako kale ulendo wina, ndipo tinapitirira mwala wanu pang'ono, mpaka pamtengo wina wopindika umene amake Joni akuti munkabisapo zingwe. Paja munkati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndalemba zonsezi kuti ndikuthokozeni. Muli moyo ndinkakuthokozani pa zinthu zooneka, diresi la Khirisimasi, makina osokera amene munandigulira. Za khosi lanu sindinathokozepo, chifukwa sindinkadziwa kutalika kwa njira. Zikomo, Amayi, chifukwa cha chitenje chija munandifunditsa pamvula. Zikomo chifukwa simunawayankhe Ababa zambiri, munangowasiyira mawu awiri, ndipo mawu awiriwo ndi amene awadzutsa pampando pamene ife ana anu tinalephera. Zikomonso potisiyira amake Joni. Ndimawatumizira mapeyala, ndipo ndawasokera diresi.

Dzulo Ababa ndinawatuma tomato kumsika, poti tsopano amachita kupempha kuti tiwatume. Anapita dzuwa lili pamutu, anabwera ine nditayamba kale kuyang'ana kumsewu, anyezi atapserera m'poto. Ndinawalandira ndi mkwiyo wanga uja.

"Ababa, msika uli pompano apa, mumachedwa kuti?"

Anaima pakhomo, thukuta lili chuchuchu, atatsamira ndodo yawo. Anandiyang'ana, n'kukweza nsidze imodzi.

"Udzakwere udzaone."

Tinaseka tonse awiri, kenako tinakhala pakhonde, ndiwo zikupserera.

Pumani bwino, Amayi. Ndikulonjeza kuti bola Ababa akufuna kukwera, ine ndidzakhala pambuyo pawo, ndipo tsiku limene miyendo yawo idzakane, ndidzapitiriza ndekha ndi amake Joni mpaka ndikaone kumene munkatola nkhuni, ndidzabwere ndidzawafotokozere. Ndipo muwanga uja, ngakhale makala atasowa Blantyre yense, palibe adzauike pamoto.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munamubereka kumbuyo mtolo uli pamutu,

Esinta